Pauda pa Phewa la Tcheyamani

Tcheyamani Chiti anamupha Lachitatu dzuwa lili paliwombo, ndipo ine Marjory sindinagwetse msozi. Nditamva uthengawo ndinaonjezera shuga m'tiyi wanga. Munthu uja anatidya mokwanira muno mu Mtendere. Ndiye anali mkulu wa Chipani cha Wilibala m'komboni mwathu, ndipo makada ake, anyamata a majekete akuda aja, ndiwo ankagawa malo pamsika ndi pasiteshoni ya mabasi. Ukawayang'ana molakwika, tebulo lako la tomato unkalipeza m'ngalande.

Mwamuna wanga Whyson anawayang'ana molakwika nthawi ya masankho apitawo. Anakana kumata chithunzi cha Mdala, mtsogoleri wa chipanicho, pa minibasi yomwe ankayendetsa. Anamupeza kuseri kwa siteshoni mutu utaphwanyika, ndipo palibe anamangidwa. Ndiye musandifunse chifukwa chake tiyi uja anakoma.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kapu ndisanatsuke n'komwe, apolisi anali atatenga mlongo wanga Given.

Zonsezi zinayambira pa wailesi. Mwezi wathawu Mdala anatula pansi udindo wake m'chipani. Ati watopa, ati akufuna kukaweta mbuzi kumudzi. Kuyambira tsiku limenelo Lusaka analibenso nkhani ina. Ena ankati anachita kumukankha anzake omwe, abwerere. Ena ankati wadya zokwana, apumule. Mayina anakhala omwewo, a Abwerere ndi a Apumule, ndipo ankakangana m'minibasi, kometetsa tsitsi, pamzere wa madzi, ngakhale kukwaya kwathu amayi anayamba kusiyana mabenchi. Chiti ndi makada ake anali a Abwerere, poti popanda Mdala iwo ndi ndani? Given, woumba mabuloko wopanda ngakhale khadi la chipani, anadziika yekha kukhala mlomo wa a Apumule. M'mawa uliwonse ankaimba foni ku pulogalamu ya pa wailesi. Lolemba ananena dziko lonse likumva: "Mtengo wagwa. Imwe bakolwe, banyani ba mu Mtendere, maka-maka iwe Chiti, muzakwela kuti manje? Tibwela."

Ndinamutsina khutu tsiku lomwelo. Anandiseka, chitsiru cha amayi anga.

* * *

Kupolisi ndinapeza Sajeni Ngosa, Mbemba wa ku Kasama, wamtali, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Kuseri kwa khutu lake kunali kukadali koyera, ndipo ntchito imeneyo inali yanga.

M'mawa wa tsiku lomwelo tinaika maliro a ba shikulu Mpundu, nkhalamba ya Chibemba ya pafupi ndi tchalitchi. Pa maliro a Mbemba ife a Kum'mawa ndife ambuya. Timaphika, timanyoza anamfedwa mwanthabwala, ndipo timawapaka zoyera kumaso, aliyense wa mtundu wawo, kaya ndi abusa kaya ndi wapolisi. Wopakidwa sakwiya, ndiponso sapukuta mpaka mwambo utatha. Akamwalira wa kwathu, iwo amabwezera. Chimbuya ndi chimenecho. Kale tinkapaka ufa, koma ndi mtengo wa ufa masiku ano ndani angaumwaze? Ndinagula pauda wa ana, ndipo kumanda chitini ndinagwira ndine.

Sajeni anandilola kulankhula ndi Given pa kawindo ka chitolokosi.

"Ba sisi, sininamupaye," anatero. Mawu a pa wailesi aja anali atatha, panatsala a mwana amene ndinkamubereka kumbuyo ku Katete. "Nenze ninayenda ku Kalikiliki kutenga nkhuni za pa malilo. Ndimwe munanituma."

"Anakuona ndani?"

"Bantu chabe ba mu njila. Sinibaziba."

"Pa wailesi umadziwa aliyense ndi dzina. Lero sudziwa munthu."

Anayamba kulira, ine ndinachokapo ndisanayambe nanenso.

Sajeni anatulutsa jekete yakuda m'pulasitiki n'kuiyala patebulo. Chiti anamupeza mayi wina wa pamsika m'kontena ya chipani, ofesi yawo ija yopakidwa utoto, atabayidwa mpeni kumsana. Magazi anali atauma pansalupo. Koma Sajeni analoza kutsogolo, pa phewa lamanja, pomwe panali banga loyera lalikulu ngati chikhatho.

"Simenti," anatero. "Mlongo wanu aumba mabuloko. Pa Mande anamuyofya pa wailesi. Pa Chitatu kulibe wamene anamuona. Mufuna nichite bwanji, mbuya?"

Ndinawerama n'kununkhiza.

"Simenti ya kwanu ku Kasama imanunkhira mwana?"

Anawerama nayenso. Kenako anapisa chala kuseri kwa khutu lake, n'kuchinunkhiza. Mtima wanga unadumpha, ndinati basi Given watuluka. Koma Sajeni anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Mwamumangilila mweka. Chiti sanaponde kumanda, sanaponde na pa nyumba ya malilo. So pauda uyu anabwela na munthu. Pa malilo ya Mubemba, bamene bagwila pauda ni bandani? Ni imwe ba Kum'mawa. Vitini vina venze pa nyumba, pamene Given enze kutula nkhuni."

"Nanga makada ake omwe mwawafunsa?"

"Nabafunsa. Wachibili wake, Lombe, akamba ati enze kumanda, ati funsani ba Marjory, ndiye bananipaka. Ni boza?"

Silinali bodza. Lombe ndinamupaka ndine, ndiponso ndinayambira iyeyo, ndi dzanja lolemera. Ine mwini ndinali mboni yake.

Sajeni anapinda jekete ija. "Pa Chisanu kuseni Given ayenda ku jele ikulu. Muja muli banyamata ba Chiti bamene bayembekeza milandu yao, na nkhani bamvela kudala. Ine kuja nilibe mphamvu. Ngati muli na munthu wina, nileteleni mailo."

Panja makada anali atadzaza msewu, akuimba kuti Mdala abwerere, magazi a Chiti abwezedwe. Woyambitsa nyimbo anali Lombe, mnyamata wosalala, wokonda mafuta onunkhira. Nkhope imeneyo ndinali nayo chifukwa. Pa maliro a Whyson, Ababemba ndiwo anali ambuya athu, ndipo Lombe ndiye analowa m'nyumba momwe ndinakhala pamphasa, n'kundipaka ufa kumaso konse. Misozi inasakanizika ndi ufa mpaka phala. Iye anandigwira chibwano n'kunena kuti, "Sekani, mbuya. Pa chimbuya sitikalipa." Ndipo ndinaseka, poti mwambo umatero.

Atandiona ndikutuluka kupolisi anakweza dzanja, nyimbo inaima.

"Ba Marjory, mupelekeleni bulangeti mlongo wanu," anatero mwaulemu. "Olo kapena musavutike. Sazaisebenzesa maningi."

* * *

Lachinayi m'mawa ndinamanga chitenje, ndinatenga chitini cha pauda, ulendo wa kunyumba ya maliro a Chiti. Mlongo wa woganiziridwa sakanaponda pakhomo paja. Koma Chiti anali Mbemba, ndipo mbuya sabwezedwa pa geti. Amayi anandiyang'ana m'mbali, ine ndinanyoza nkhuni zawo, ndinanyoza mapoto awo, mpaka wina anaseka, basi ndalowa.

Mkazi wa malemu, bana Nsama, anakhala pamatiresi m'chipinda chochezera, mipando itatulutsidwa panja. Ndi mayi wofatsa, wa kwaya, amene anakwatiwa ndi chilombo n'kumachipempherera. Ndinagwada pambali pake.

"Mwaisa, mbuya," ananong'ona. "Ine niziba si Given."

"Mudziwa bwanji?"

"Bashi Nsama, bamuna banga, benze kuzikiyila mukati mu kontena. Kuchokela pamene ba Mdala banasiya, benze na mantha. Sembe Given anagogoda mpaka mailo, sembe sibanasegule. Awe, mayo. Wamene anangena, banamusegulila beka."

"Nanga kumanda kwa ba shikulu analekeranji kupita? Tcheyamani salephera maliro, ndi komwe amalankhulira."

Anayang'ana amayi ena, kenako anakoka chitenje kumutu kuti chitiphimbe tonse awiri.

"Benze kuyembekeza bantu ba Apumule. Benze bafuna kujumpa, basiye Abwelele."

Ndinatsala pang'ono kuseka pamaliro. Chiti, amene ankamenya anthu chifukwa cha Mdala, amene anapachika mbendera ya Abwerere padenga lake.

"Banakamba ati ba Mdala sibazabwela, ine sinizafela muntu wamene alisha mbuzi. Koma baja ba Apumule banabauza ati ise tifuna manja yoyela. Ati ngati ufuna kusala pa mupando, tipase zina ya wamene anapaya dalaiva uja ku siteshoni, timupeleke ku polisi, bantu baone ati chipani chasamba." Apa anandigwira dzanja. "Munikhululukile, mayo. Dalaiva uja ni bamuna banu."

M'makutu mwanga munalira ngati mwalowa madzi. Zaka zonsezi ndinkapereka moni kwa Chiti pamsika, dzina la wopha Whyson lili m'kamwa mwake ngati chingamu.

"Dzina lake ndani?"

"Sibananiuze. Banauza chabe banyamata bao pa Sande, ati manje aliyense azanyamula mutanda wake."

Ndinatuluka panja. Pa geti pankalowa kada wina wonenepa, ndipo chifukwa manja anga ankafuna chochita, ndinamuthira pauda kumaso mopanda chisoni. Anatsokomola, anaseka, n'kupita kutenti ya amuna. Kumeneko mnzake anaimirira kuti apatsane moni wa chipani. Moni wawo ndinauona kambirimbiri osauganizira: amagundana pachifuwa, tsaya la wina pa phewa la mnzake, dzanja likumenya kumsana. Atasiyana, pa jekete yakuda ya mnzakeyo panatsala banga loyera. Pa phewa lamanja, lalikulu ngati chikhatho.

Ndinaima ndi chitini m'manja. Banga la pa jekete ya Chiti linalibe zala. Silinachoke m'dzanja la wopaka, linachoka pa tsaya la wopakidwa. Munthuyo anali Mbemba mnzake, wochokera kumanda, amene Chiti anamutsegulira chitseko n'kumukumbatira. Ndipo dzanja lomwe limamenya kumsana ndi limene linali ndi mpeni.

* * *

Kuseri kwa kontena ya chipani kuli kiyosiki ya madzi, ndipo wogulitsa ndi Karen, mayi wa ana anayi amene amadziwa mimba ya mtsikana aliyense mwini wake asanadziwe. Ndinamupeza akukangana ndi kasitomala za Mdala.

"Apumule, abwelele, ine vinikhuza chani? Manzi yazachipa?" Atandiona anatsitsa mawu. "Ba anti, sori maningi pa va Given."

"Dzulo masana unali pano?"

"Nenze pano. Komboni yonse inayenda kumanda, bizinesi zii."

"Ndiye amene anabwera unamuona bwino."

Anayamba kupukuta mpopi wouma kale. "Ine nigulisa manzi, ba anti. Sinigulisa mazina. Iyi kiyosiki ananipasa ni chipani, na bana banga badyela pamene apa."

"Sindinafunse dzina. Anagula madzi a chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku. Pakamwa pa Karen nkhani siigona, imamuwotcha.

"Sanagule, baja sibagula. Anabwela na honda, njinga ya moto ija, anaimika paja pa chimutengo, anayenda ku kontena na mendo. Mutu mbuu monga nkhalamba. Pobwela anapinda sikipa mumanja, chifuba pa mtunda. Anaika mutu pa mpopi, anasamba kumenso, mikono, vonse. Manzi yenze yosayela bwino, ba anti. Mu chola cha pa honda anachosamo shati ina. Ine nenze nayangana kumbali monga nipenda vigubu."

"Ukanene zimenezi kwa Sajeni."

"Nife? Imwe muzanilelela bana?" Anatsegula mpopi mwamphamvu kuti madzi aphimbe mawu ake. "Imwe ndimwe munagwila chitini. Simuziba bantu bamene munapaka?"

Ndinapaka anthu ochuluka, ndikanawakumbukira bwanji onse? Ndinayenda kubwerera ndikuwaika m'mutu mmodzimmodzi, abusa, Sajeni, ana a malemu, amayi a kwaya. Ndinakumbukira malole akutitula panyumba ya ba shikulu, nkhope zonse zili mbuu, anthu akusamba m'manja pa beseni la pa geti. Ndipo pakati pa nkhope zoyerazo panali imodzi yakuda, yonyezimira mafuta. Ndinaithamangira ndikukuwa kuti uyu watizemba, amayi akuseka, ndinaithira pauda.

Ndinaima pakati pa msewu mpaka minibasi inandiimbira hutala. Munthu ameneyo sanatizembe. Kumanda ndinayambira iyeyo. Lombe ndinamupaka kawiri.

* * *

Sajeni Ngosa anamvetsera osandidula, akuzunguza cholembera patebulo.

"Nakumvelani," anatero. "Koma imwe ndimwe mlongo wa wamene ali mu selo. Karen akana kukamba. Nikamutenga Lombe lelo pa mau yanu, baja banyamata bazashoka na moto polisi ino na Given mukati."

"Ndiye amve okha anyamatawo, kuchokera m'kamwa mwake."

"Muzamufunsa ndimwe? Pakati pa makada?"

"Ndine mbuya, ba Sajeni. Pamaliro ndinganene kuti bambo ake anali fisi, iye ayenera kuseka. Inu mungobwera kudzapepesa maliro ngati Mbemba mnzawo, unyolo uli m'thumba."

Anaika cholembera pansi. "Imwe ba Kum'mawa, mbeba zinakupasani nzelu zoipa," anatero, n'kutenga chipewa chake.

Dzuwa litapendeka, pabwalo la Chiti panali podzaza. Kutenti amuna anali pa nkhani yomwe ija. Bambo wina wa jekete ya suti ankati mtsogoleri akatula pansi watula, si chitenje choti uvule n'kuvalanso. Wina ankati anamuopseza, kalata yotulira udindo sanalembe yekha. Lombe anaimirira pakati, atavala sikipa yatsopano ya nkhope ya Mdala, n'kunena kuti Chiti wafera Abwerere, ndipo amene ali ndi Apumule mumtima achoke pamaliro pano.

Ndinalowa mutentimo ndikuvina, chitenje m'chiuno, chitini m'mwamba. Amayi a kwathu ananditsatira akuimba, ena anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Pakati pawo ndinaona Karen atanyamula chigubu, ndi Mainess, mnzanga wa kwaya amene anagwira beseni dzulo lake.

"Ababemba inu," ndinayamba, "kudya anyani kwakuumitsani mitu. Mtsogoleri wanu wathawira ku mbuzi, tcheyamani wanu wagona, mwatsala ndi uyu wodzola mafuta a akazi."

Anthu anaseka. Lombe anaseka nawo, mano okha.

"Ba Lombe, inu mumandithera pauda. Dzulo ndinakupakani kangati?"

"Kamozi, mbuya. Kumanda. Bonse banaona."

"Kamodzi? Amayi, kamodzi?"

"Kabili," anayankha Mainess. "Na pa nyumba futi. Tinaseka ati bazemba."

"Ooh, ee," anatero Lombe. "Ninasamba pa geti, pa beseni."

"Pa beseni panga tisamba manja," anatero Mainess. Iye sankadziwa komwe ndikupita, ankangokonda kukonza anthu. "Na imwe simunaseluke mu lole. Tinakupezani muli kudala mukati, mwankala na pa mupando."

"Mwana wabwino, amafulumira," ndinatero ndikuvinabe. "Anafulumira mpaka nkhata ya chipani anaiiwala. Paja kumanda ataitana kuti a chipani adzaike maluwa, anaika ndani?"

Kada wonenepa uja, nkhope ikadali yoyera ndi pauda wanga wa m'mawa, anakweza dzanja mosafuna. "Nine. Tinabasakila ba Lombe, sitinabaone."

Kuseka kunayamba kuchepa. Ndinasiya kuvina.

"Kumanda munavala sikipa ya Mdala, ngati iyi, koma yakale. Panyumba munali ndi shati ya buluu. Aliyense ali ndi foni pano, maliro a ba shikulu munajambula nonse, yang'anani. Ndiye ndifunse monga mbuya, poti mbuya sakwiyiridwa. Mbemba amene wapakidwa kumanda, n'chiyani chingamuthamangitse pa honda kukasamba mwambo usanathe, n'kusintha ndi malaya omwe?"

"Ba Marjory, chimbuya chili na malile," anatero Lombe.

"Chilibe. Munandiphunzitsa ndinu."

Mafoni anali atatuluka kale m'matumba. Anthu ankaweramirana, wina akuloza ndi chala. Sajeni Ngosa anaimirira kumbuyo kwa tenti n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Pa jekete ya tcheyamani pali pauda wanga," ndinapitiriza, "pa phewa lamanja, pomwe mumaika tsaya mukamapatsana moni wanu uja. Tayang'anani phewa la mnzanuyo apo, banga lake ndi lomwelo. Given akanagogoda, Chiti sakanatsegula. Anatsegulira mwana wake, anamukumbatira, ndipo mwanayo anamusisita kumsana ndi mpeni."

"Boza. Ananiona ndani?"

Chigubu chinagwa pansi, madzi n'kumwazika. Karen anali atagwira m'chiuno, pakamwa pake patamupambana.

"Nine ninakuona, Lombe. Unasambila pa mpopi panga, na kulipila sunalipile. Sikipa unaiponya mu chimbuzi cha pa maliketi. Kiyosiki mutenge, nalema."

Pakhomo la nyumba panaima bana Nsama, amayi awiri atawagwira m'mikono. Mkazi wamasiye satuluka panja maliro asanaikidwe, ndiye anthu atawaona onse anatembenukira komweko.

"Lombe," anatero mayiwo mofatsa, "unadyela pa mbale yanga zaka zingati?"

Pamenepo mnyamata anasweka. Sanayang'ane mayiwo, anatembenukira makada anzake, manja ali m'mwamba.

"Enze afuna kutigulisa. Imwe simuziba? Enze ajumpila ku Apumule, uja mudala wanu Chiti. Ba Mdala basiya, iye afuna kusamba na magazi yanga. Ati apeleke ine neka pa nkhani ya dalaiva, monga nine ninazituma. Ananituma ni iye. Anakamba ati kamuphunzise uja wa minibasi, ine ninachita chabe vamene..."

Anaima. Anazindikira amene waima kutsogolo kwake.

Ndinkaganiza kuti tsiku lodzamva dzina limeneli ndidzakuwa, ndidzagubuduka pansi. Sindinakuwe. Ndinamva kuzizira kokoma kutsika kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinayang'ana manja ake, osalala, a zikhadabo zowengedwa bwino. Manja amenewo anaphwanya mutu wa Whyson, ndipo patangopita masiku ochepa anandipaka ufa pamphasa ya umasiye.

Makada anayamba kusuntha, wina anatola mpando, wina njerwa ya pa mafuwa. A Abwerere ndi a Apumule anaiwala Mdala wawo, onse ankafuna munthu mmodzi. Ndinene zoona, ndikanakonda kuwasiya. Koma wakufa saima m'khoti, ndipo Given akanatsala m'chitolokosi ndi mlandu wopanda mwini. Ndiponso njerwa imafulumira kwambiri. Ine ndinkafuna Lombe akalambe akuwerenga malata a denga la ndende.

"Musamukhudze," ndinatero. "Uyu ndi wanga."

Sajeni anali atafika kale. Unyolo unalira kumbuyo kwa Lombe, ndipo apolisi ena awiri amene anadikira pa geti analowa n'kuima m'mbali mwake.

"Mbuya," anatero Sajeni, "tiyeni mukatenge mlongo wanu. Azagona pa nyumba lelo."

"Adikire pang'ono. Wakhalamo usiku umodzi, aphunzireko kutseka pakamwa."

Ndinatsegula chitini, ndinachotsa chivindikiro chonse, n'kukhuthulira pauda m'dzanja langa. Lombe anayesa kutembenuza mutu, koma manja anali kumbuyo. Ndinamupaka pamphumi, m'masaya, m'zikope, mosafulumira, mpaka pabwalo ponse panalibe amene akanaiwala nkhope imeneyo. Misozi yake inayamba kudula mizere mu pauda. Palibe anaseka, palibe anaimba.

Ndinamugwira chibwano n'kumudzutsa nkhope kuti andiyang'ane.

"Sekani, mbuya," ndinamuuza. "Pa chimbuya sitikalipa."